Opita ku Cape Point, nsanja ya nyali ija ili pakhomo pa nyama

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi awerengi anzanga amene amafika ku Cape Town, kaya ndi apantchito, ophunzira, amalonda kapena ongokacheza kwa abale. Ambiri akapeza tsiku lopuma amapita ku Cape Point kukaona nsanja yakale ya nyali younikira sitima za pamadzi, ndipo zithunzi zawo timaziona pa Facebook. Ulendowu ndi wofunika kuuyenda ndithu. Chimene chimandipweteka mtima ndi kayendedwe kake. Munthu amalipira ndalama zambiri pageti, amathamangitsa galimoto mpaka pothera msewu, amakwera phiri, amajambulitsa, amaponyera nyani nthochi, n'kubwerera pasanathe maola awiri. Woyenda motere amabwerako asanaione nsanja imene ikugwira ntchito lero, asakudziwa chimene chinazimitsitsa yakaleyo, ndipo nthochi ija imakhala yayamba kale kukumbira nyani manda. Nsanjayi siili pabwalo la zisangalalo ayi. Ili m'kati mwa malo otetezedwa a nyama ndi zomera, ndipo wopitako ayenera kupatula tsiku lathunthu ndi kulowamo ngati mlendo pakhomo pa eni.

Cape Point ili kumapeto kwa ndomo, kamtunda kakatali kolowa m'nyanja yamchere, makilomita opitirira 60 kum'mwera kwa mzinda wa Cape Town. Dera la kumapetoko, lokwana mahekitala 7,750, linapatulidwa kukhala lotetezedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo kuyambira 1998 lili m'manja mwa bungwe la SANParks, losamalira mapaki a dziko la South Africa, monga gawo la paki imene lero imatchedwa Table Mountain National Park. Njira zopitira ndi ziwiri. Ina imadzera ku Muizenberg, Kalk Bay, Fish Hoek ndi Simon's Town, kutsata gombe la False Bay. Ina imadzera ku Hout Bay, Chapman's Peak, Kommetjie ndi Scarborough, kumbali ya Atlantic. Msewu wa Chapman's Peak ndi wolipira ndipo amautseka kukakhala mvula kapena mphepo yamphamvu poopa miyala yogumuka, choncho muyambe mwafunsa. Chanzeru ndi kupita ndi njira ina n'kubwerera ndi inzake. Mafuta muthiriretu ku Simon's Town chifukwa m'pakimo mulibe pothirira. Kuchokera pageti kukafika poimika magalimoto pansi pa nsanja pali makilomita pafupifupi 13, ndipo mulibe minibasi. Amene amafika pa galimoto yoitanitsa pafoni n'kuilola kubwerera amavutika madzulo, popeza netiweki ndi yoperewera m'malo ena ndipo madalaivala safuna kubwera kutali chotero. Gwirizanani ndi dalaivala kuti akudikireni.

Pasipoti musaisiye kunyumba. Pageti pali mitengo itatu: wa nzika za South Africa, wa nzika za mayiko a SADC, ndi wa ena onse ochokera kunja, umene ndi wokwera kwambiri. Malawi ili mu SADC, koma mtengo wotsikawo amaupereka kwa amene waonetsa pasipoti, osati wongonena pakamwa. Mitengo imasintha chaka ndi chaka, kawirikawiri pa 1 Novembala, ndiye muone pa tsamba la SANParks musananyamuke, ndipo mutenge khadi la kubanki chifukwa pagetipo anasiya kulandira ndalama zapamanja. Geti limatsegulidwa 6 koloko m'mawa kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndi 7 koloko kuyambira Epulo mpaka Seputembala. Fikani nthawi yotsegulayo. Mabasi a alendo amachuluka kuyambira cha m'ma 10 koloko, ndipo mu Disembala ndi Januwale mzere wa magalimoto pageti umatalika moti nthawi yabwino yoonera nyama imathera pamenepo.

Tsopano za nsanja. Kuchokera poimika magalimoto mukhoza kukwera wapansi pa njira yowaka bwino, mphindi 15 kapena 20, kapena kukwera kasitima kokokedwa ndi chingwe kotchedwa Flying Dutchman, dzina la sitima yamzukwa ya m'nthano za amalinyero. Kasitimaka kanayamba kuyenda mu 1996, njanji yake ndi yotalika mamita 585, ndipo kamalipiridwa padera. Okalamba ndi odwala miyendo adziwe kuti sikafika pansanja penipeni: kamakusiyani m'munsi, ndipo pamatsala masitepe ambiri otsetsereka oti mukwere nokha.

Mukafika pamwamba mudzadabwa kuona kuti nsanjayo ndi yaifupi, yosakwana mamita 10. Ndi yachitsulo, inasulidwa zidutswazidutswa ku England, n'kubwera pa sitima, n'kudzalumikizidwa pansonga ya phiripo. Inayatsidwa koyamba pa 1 Meyi 1860, nthawi imene ngalande ya Suez inali isanatsegulidwe, pakuti iyo inatsegulidwa mu 1869, ndipo sitima zonse zochokera ku Ulaya kupita ku India zinkazungulira kuno. Sinafunike kutalika chifukwa phirilo ndilo linkainyamula, mamita opitirira 230 pamwamba pa nyanja. Amene anasankha malowa sanali opusa. Dziko ndi lobulungira, choncho nyali ikakhala pamwamba imaoneka patali. Nyali ya pamamita 240 imaoneka kwa munthu amene ali pamadzi penipeni kuchokera pa makilomita pafupifupi 55, pamene ya pamamita 87 imaoneka pa makilomita pafupifupi 33. Mwa masamu, malo apamwambawo anali opambana.

Chimene masamu sanaone ndi mitambo. Mphepo ikamachokera panyanja imakhala itanyamula chinyezi. Ikagunda phiri imakakamizika kukwera, ndipo mpweya ukamakwera umazizira, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 100 aliwonse. Ukazizira mokwanira chinyezi chija chimasanduka nkhungu, ndipo nkhunguyo imakhala pansonga ngati chipewa pamene pansi, pamene pali sitima, pali poyera. Ndiye kunkachitika kuti nyali ikuyaka bwinobwino, osamalira nsanja ali maso usiku wonse, koma woyendetsa sitima akungoona mdima. Mbiri ya nsanjayi imanena kuti inkaphimbika maola pafupifupi 900 pachaka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: malo amene alendo lero amawakonda chifukwa chooneka patali ndi omwewo amene anailepheretsa ntchito. Ngati mutafika pamwamba n'kupeza nkhungu yatseka zonse, musadandaule kuti mwataya ndalama. Mwaona ndi maso anu chimene amalinyero ankadandaula kwa zaka 50. Dikirani theka la ola, kawirikawiri imayera n'kubweranso.

Vuto lachiwiri ndi lobisika, ndipo ambiri salidziwa. Usiku wopanda nkhungu nyaliyo inkaoneka msanga kwambiri. Sitima yozungulira ndomoyi iyenera kupita kutali kum'mwera isanakhote, chifukwa pansi pa madzi pafupi ndi nsonga pali miyala. Nyali yokhala pamwamba pa chilichonse inkaonekera pamwamba pa mapiri sitima isanafike pokhotera, ndipo woyendetsa ankakopeka kuyandikira kumtunda nthawi isanakwane. Nyali younikira sitima ntchito yake si kuwala kokha. Iyenera kuoneka pamalo oyenera ndi kubisika pamalo oyenera.

Madandaulo analipo kuyambira kale, koma chimene chinagwedeza akuluakulu ndi ngozi ya usiku wa 18 Epulo 1911. Sitima ya Apwitikizi yotchedwa Lusitania, yochokera ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, inagunda mwala wa Bellows Rock m'nkhungu, makilomita ochepa kum'mwera kwa nsanja. Musaisokoneze ndi Lusitania ya Angerezi imene inamizidwa pankhondo mu 1915. Munali anthu pafupifupi 800, ndipo oposa theka anali antchito achikuda otengedwa kukagwira ntchito kutali ndi kwawo. Anthu 8 anafa pamene bwato limodzi lopulumukira linagubuduzika, ena onse anapulumutsidwa, ndipo sitimayo inamira patapita masiku awiri. Bellows Rock mukhoza kuiona muli pansanja yakale. Yang'anani kum'mwera pamene madzi akuchita thovu loyera pakati pa nyanja, mafunde akusweka popanda chooneka chowaswa. Ndi pamenepo. Ine ndimaona kuti kuima mphindi zisanu kuyang'ana thovu limenelo n'kopindulitsa kuposa kulimbirana malo pa chikwangwani cholozera mizinda ya kutali chimene aliyense amajambulitsapo.

Nsanja yatsopano anaimanga m'munsi, pa kamlomo kopyapyala ka thanthwe kotchedwa Dias Point, mamita 87 pamwamba pa nyanja, kunsi kwa pamene nkhungu imakonda kukhala. Ntchitoyo anaitsogolera ndi injiniya H.C. Cooper, ndipo inali yovuta chifukwa zipangizo zonse zinayenera kutsitsidwa m'maphompho. Inayatsidwa mu 1919 ndipo magetsi anafikamo mu 1936. Ndi ya miyala, ya ngodya zinayi, ndipo ndi nyali yamphamvu kuposa zonse pa gombe la South Africa. Imaphethira katatu pa masekondi 30 aliwonse. Kaphethiridweka ndiko dzina lake: nsanja iliyonse ili ndi kake, kolembedwa pa mapu a amalinyero, kuti woyendetsa sitima akawerenga masekondi adziwe kuti akuona iti. Kuwala kwake kumafika makilomita 63, ngakhale kuti woti akuone patali chotero ayenera kukhala pamalo okwera a sitima yaikulu. Ndipo chifukwa ili kuseri kwa phiri, sitima yochokera kumadzulo siiona mpaka itafika kum'mwera kokwanira kukhota bwinobwino. Mavuto awiri aja anathera pamodzi.

Nsanja imeneyi ndiyo alendo ambiri saiona, chonsecho njira yake ilipo. Imatchedwa Lighthouse Keeper's Trail, imayambira kuseri kwa siteshoni yapamwamba ya kasitima kaja, ndipo ndi pafupifupi kilomita imodzi kupita, ina kubwerera. Patulani ola limodzi. Imadutsa m'mbali mwa phompho, kunsi kwa nsanja yakale, n'kudzera pa mabwinja a nyumba za asilikali amene ankalondera nyanja pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, mpaka pamalo oonera nsanja yatsopano ili pansi panu. Pamenepo ndi pothera. M'nsanjamo salowamo alendo, ndi malo antchito a bungwe loyang'anira madoko la Transnet National Ports Authority, ndipo kudumpha mpanda kuti mufike pafupi ndi kuika moyo pachiswe pathanthwe lopanda pogwira. Njirayi si yovuta kwa munthu wathanzi, koma ndi yopapatiza, ndipo tsiku la mphepo yamphamvu isiyeni. Ana agwireni padzanja. Mukamayenda muziyang'ananso m'zipupa za phompho, m'mene mbalame zakuda zodya nsomba zimamanga zisa zambirimbiri pa timashelefu ta miyala.

Mphepo ya kuno si yoichepetsa. Kuyambira Novembala mpaka Malichi kumawomba mwera wamphamvu umene anthu a ku Cape Town amautcha Cape Doctor, ndipo Cape Point ndi amodzi mwa malo amphepo kwambiri m'dziko lonselo. Mumzinda kukhoza kukhala kotentha, kuno n'kumazizira. Tengani jekete yotchinga mphepo ngakhale m'chilimwe, chipewa chomanga pachibwano, nsapato zotseka zosaterera, ndi madzi akumwa malita awiri munthu aliyense ngati muyende njira zapansi. Mitengo yamthunzi kulibe, ndipo chifukwa cha mphepo yozizira munthu sazindikira kuti dzuwa likumuwotcha. Mvula ya kuno imagwa nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti.

Ndifike pa anyani, pakuti mpamene pagona nkhawa yanga yaikulu. Anyani a pandomoyi anadulidwa kwa anzawo a kumapiri ena ndi kukula kwa mzinda, moti ndi ochepa ndipo alibe kothawira. Ali ndi khalidwe losowa kwina: madzi akaphwa amatsikira kugombe kukatola nkhono za m'nyanja zomata pamiyala. Chakudya chawo chachilengedwe ndi chimenecho, pamodzi ndi mizu, njere, maluwa ndi tizilombo, ndipo kuti akhute amayenda akusakasaka pafupifupi tsiku lonse. Theka la buledi limampatsa nyani mphamvu imene akanaivutikira maola ambiri. Nyama yanzeru ngati imeneyi ikalawa kamodzi siiwala, ndipo ana amaphunzira poonera akulu.

Pali china chimene opatsa chakudya sadziwa. Pakati pa anyani palibe kugawana mwachifundo. Wamng'ono amasiyira wamkulu chakudya chifukwa cha mantha. Ndiye mukatambasula dzanja kumpatsa nthochi, iye samva kuti mwamukomera mtima, amamva kuti ndinu wapansi pake. Mawa sadikira kupatsidwa, amalanda. Amayamba ndi jumbo ya m'manja mwa mwana, kenako chikwama cha mayi, kenako amaphunzira kukoka chogwirira cha chitseko cha galimoto. Akazolowera amatuluka m'paki kukathyola nyumba ku Scarborough, Kommetjie ndi Simon's Town. Kumeneko kuli alonda olembedwa ntchito yowathamangitsa, kuli agalu, kuli magalimoto, kuli mawaya amagetsi, kulinso eni nyumba otopa nawo. Nyani amene wafika poopseza anthu mobwerezabwereza mapeto ake amaphedwa ndi akuluakulu oyang'anira nyama. Amene anamupatsa nthochi yoyamba amakhala atabwerera kwawo kalekale, chithunzi chili pafoni. N'chifukwa chake kudyetsa anyani ndi mlandu wolipitsa chindapusa, ndipo ine ndikuti lamulo limeneli ndi lolungama.

Zoyenera kuchita ndi zapafupi. Mukaima paliponse, ngakhale kwa mphindi imodzi yojambula, kwezani magalasi onse ndipo khomani zitseko ndi loko, chifukwa kungotseka sikokwanira. Chakudya chikhale m'buti, osati pampando poonekera. Musayende ndi jumbo m'manja, ngakhale muli nsapato, popeza kwa nyani jumbo ndi chakudya. Musapatse mwana bisiketi kapena ayisikilimu kuti azidya akuyenda. Ana ndiwo amalandidwa kwambiri. Nyani akagwira chikwama chanu, chisiyeni. Wamphongo wamkulu amalemera makilogalamu 30 kapena kuposa, mano ake osongoka ndi aatali ngati chala, ndipo pokokana simungapambane. Adzachisanthula, adzatenga chodyedwa, n'kusiya zotsalazo, inu mudzatole akachoka. Musamuthamangitse, musamutsekereze pakona, musamuyang'anitsitse m'maso, ndipo musadutse pakati pa mayi ndi mwana wake. Akalowa m'galimoto, tulukani nonse, tsegulani zitseko zonse, imani patali. Zinyalala ponyani m'mabini okhala ndi loko ndipo muonetsetse kuti mwatsekadi, apo ayi bwererani nazo. Pamalo odyera pafupi ndi poimika magalimoto palinso mbalame zakuda za mapiko ofiirira zimene zimatsomphola chakudya m'manja. Nazonso musazipatse.

Nyama zina zimafuna kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Musayembekezere mikango kapena njovu. Dothi la kuno ndi lamchenga, losauka, ndipo zomera zake sizingadyetse nyama zikuluzikulu zambiri. Zilipo ntchefu, mbidzi za kumapiri, nthiwatiwa, mbira za m'miyala, ndi mtundu wa mphalapala zazing'ono wotchedwa bontebok, za nkhope yoyera ndi thupi lofiirira moderako, zimene zinatsala pang'ono kutheratu padziko chifukwa cha ulenje. Sizikhala pamsewu waukulu wopita kunsanja. Patukani kulowa timisewu ta ku Olifantsbos, Buffels Bay kapena Platboom, m'mawa kapena dzuwa litapendeka, yendani pang'onopang'ono, zimitsani injini, dikirani. Nthiwatiwa zimakonda kuyenda m'mbali mwa gombe panjira yopita ku Cape of Good Hope. Ziwonereni muli m'galimoto, makamaka yamphongo yakuda ikakhala ndi anapiye, chifukwa imaponda chakutsogolo ndi chikhadabo chong'amba. Kuyambira Juni mpaka Novembala anamgumi amabwera kudzaswana m'madzi a kuno, ndipo malo okwera ngati Rooikrans ndi abwino kuwaonera. Fufuzani mpweya wotumphuka ngati utsi pamwamba pa madzi.

Liwiro ndilo limapha nyama zambiri zing'onozing'ono. Akamba amadutsa msewu kawirikawiri, ndipo woyendetsa wothamangira kunsanja sawaona. Mukapeza kamba pamsewu, imani mumudikire. Musamunyamule kuti mujambulitse naye: akachita mantha amataya madzi amene anasunga m'chikhodzodzo, ndipo m'chilimwe chouma cha kuno madzi amenewo ndiwo moyo wake. Njoka ziliponso, makamaka mphiri, imene sithawa ikamva mapazi koma imangogona panjira kuwothera dzuwa. Yendani m'njira zokonzedwa, maso pansi, osapisa dzanja m'miyala. Pamchenga wa kugombe, miyezi yotentha, mbalame zakuda za milomo yofiira zimaikira mazira pansi penipeni popanda chisa chooneka. Zikayamba kulira mokuzungulirani, mwayandikira mazira. Bwererani kumchenga wonyowa.

Tchire lalifupi limene mumadutsamo, looneka ngati lopanda pake mukaliyang'ana pawindo, ndilo chuma chachikulu cha malowa. Limatchedwa fynbos, ndipo m'gawo lino lokha muli mitundu ya zomera pafupifupi 1,100, ina yosapezeka kwina kulikonse padziko. Mu 2004 bungwe la UNESCO linaika malo otetezedwa a zomera za ku Cape pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Tsikani m'galimoto pamalo ololedwa, gwadani, muone timaluwa tosiyanasiyana pa kadera kochepa ngati mphasa. Tchireli limafuna moto kuti njere zimere, koma moto wa patalipatali, patapita zaka khumi kapena kuposa. Ukabwera pafupipafupi umapeza zitsamba zisanabereke njere, ndipo mtunduwo umatha pamalopo. Ndudu imodzi yoponyedwa pawindo tsiku la mwera imatha kutentha mahekitala mazanamazana. Kuwotcha nyama kumaloledwa pamalo okonzedwa okha, ku Buffels Bay ndi ku Bordjiesrif, kumene kulinso maiwe omangidwa m'mphepete mwa nyanja osambiramo mosaopsa. Nkhuni kapena makala bwerani nazo, kutola m'tchire n'koletsedwa. Kuthyola maluwa, kutola zigoba, kulowa ndi galu, kuulutsa kandege kojambulira, ndi kulemba maina pamiyala ya pansanja, zonsezi n'zoletsedwanso.

Pali zinthu ziwiri zimene zimalembedwa molakwa pansi pa zithunzi. Cape Point si kumapeto kwenikweni kwa Africa kum'mwera, ndipo si pamene nyanja za Atlantic ndi Indian zimakumanirana. Zonse ziwirizi ndi za Cape Agulhas, makilomita pafupifupi 150 chakum'mawa, kumene kuli nsanja ina ya nyali ya mu 1849. Mzere wa thovu umene ena amaloza kuti ndi malire a nyanja ziwiri ndi mafunde ndi miyala chabe. Chimene chili choona ndi chakuti madzi a kumadzulo kwa ndomoyi ndi ozizira kwambiri chifukwa cha mtsinje wa madzi ozizira woyenda m'nyanja wotchedwa Benguela, pamene a ku False Bay ndi ofundirapo. Komanso Cape Point ndi Cape of Good Hope ndi nsonga ziwiri zosiyana. Yachiwiriyo ndi imene ili ndi chikwangwani chonena kuti ndi nsonga ya kum'mwera chakumadzulo kwa Africa, ndipo ndi dera limene woyendetsa sitima wa Chipwitikizi Bartolomeu Dias analizungulira mu 1488, Mpwitikizi mnzake Vasco da Gama n'kutsatira mu 1497. Pakati pa ziwirizi pali nsonga yachitatu imene dzina lake lidzakudabwitsani: Cape Maclear. Inatchedwa potengera Thomas Maclear, katswiri wa zakuthambo wa ku Cape Town, bwenzi la David Livingstone, yemweyo amene Livingstone anatchulira Cape Maclear ya pa nyanja ya Malawi.

Kuchokera poimika magalimoto pali njira yapansi yopita ku Cape of Good Hope kudutsa pamwamba pa maphompho, mbali ina yoyalidwa matabwa, ola limodzi ndi theka kupita ndi kubwerera. Pakati pake pali masitepe amatabwa otsikira ku Dias Beach, gombe la mchenga woyera lokongola zedi. Tsikani ngati mawondo akulola, pokumbukira kuti kukwera kwake n'kowawa, koma m'madzimo musalowemo ngakhale kufika m'mawondo. Mafunde ake amabwerera ndi mphamvu yokokera munthu kwakuya, madzi ndi ozizira moumitsa thupi, ndipo palibe opulumutsa osambira. Wodziwa kusambira panyanja yopanda mchere asadzinamize, madzi awa ndi ena.

Amene mwatsala ndi nthawi, pali zina ziwiri zogwirizana ndi nkhani ya nsanja. Pamsewu mudzaona zipilala ziwiri zazitali za mtanda, china cha Dias china cha Da Gama. Si zikumbutso chabe: woyendetsa sitima ali mu False Bay akaziona zitalunjikana amadziwa kuti ali pamzere wa Whittle Rock, mwala woopsa wobisika m'madzi. Ndipo ku Olifantsbos kuli njira ya m'gombe yopita pa zotsalira za Thomas T. Tucker, sitima ya ku America imene inatsakamira pamiyala mu 1942 itanyamula katundu wankhondo, ndi za Nolloth imene inasweka mu 1965. Zitsulo zake zadzimbiri zikadali pamchenga. Kufika pa yoyambayo ndi kubwerera kumatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka, ndipo kumayendeka bwino madzi akaphwa.

Kuphethira kwa nyali yatsopano simudzakuona pa ulendo wa masana, chifukwa alendo onse ayenera kukhala atatuluka dzuwa likamalowa, ndipo wochedwa amalipitsidwa pageti. Nthawi yotulukira imalembedwa pa chikwangwani polowera. Iwerengeni, ndipo munyamuke kunsanja kutatsala mphindi 40, kuti makilomita 13 aja muwayende mosathamanga, pa nthawi imene nyama zimatulukira kumsewu. Wofunitsitsa kuona nyaliyo ikugwira ntchito angathe kukaima usiku wopanda nkhungu kutsidya kwa False Bay, cha ku Rooi-Els kapena Pringle Bay, n'kuyang'ana kumadzulo pamene mtunda ukuthera, wotchi ili m'manja, kuwerenga kuphethira kutatu pa masekondi 30.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu